Kompyuta ikabedwa mu ofesi, n'chiyani kwenikweni chimene chabedwa?

Nkhani yoti mbava zathyola ofesi ndi kuba kompyuta ikamveka pa wailesi, kawirikawiri imathera pa mtengo wa katunduyo. Mneneri wa apolisi amatchula usiku umene adathyola, amatchula ndalama zimene laputopuyo ingagulidwe, kenako amapempha aliyense amene angaione ikutsatsidwa kuti akatsine khutu apolisi. Zimene zinali m'kati mwa makinawo sizitchulidwa, chonsecho n'zimene zili ndi eni ake ambiri. Ofesi yataya chipangizo chimodzi chimene ikhoza kugula china mwezi wamawa, pamene mayina, manambala a ziphaso ndi manambala a foni amene anali m'menemo ndi a anthu a ku Makhanga, kwa Chapananga kapena kwa Tengani, amene mwina sadzamva n'komwe kuti kudachitika zotere.

Anthu akamva kuti mayina awo anali m'kompyuta yobedwa amagawikana pawiri. Ena amagwidwa nthumanzi poganiza kuti pofika m'mawa ndalama zawo za m'foni zikhala zitapita, pamene ena amangoseka, amvekere, kodi wakubayo adya mayina? Onsewa ali ndi mbali imene akulondola, chifukwa pakati pa kubedwa kwa makina ndi kuberedwa kwa munthu pali masitepe angapo, ndipo pa sitepe iliyonse ngozi ikhoza kukula kapena kutheratu.

Mbiri ya munthu

Chimene akatswiri amachitcha personal data ndi china chilichonse cholembedwa kapena chojambulidwa chimene chingaloze munthu mmodzi pakati pa anzake. Dzina, tsiku lobadwa, mudzi ndi mfumu yake, nambala ya chiphaso cha unzika, nambala ya foni, chithunzi cha nkhope, zidindo za zala, akaunti ya kubanki, malipiro, ngongole, ngakhale matenda amene munthu akulandirira mankhwala, zonsezi ndi mbiri ya munthu. Chimodzi pachokha sichiopsa kwenikweni. Dzina lanu likudziwika msika wonse wa Ngabu, ndipo nambala yanu ya foni ali nayo aliyense amene mudamugulitsapo mbuzi. Zili ngati mikanda, imene ikamwazika pansi ilibe ntchito, koma ikatungidwa pa ulusi umodzi imasanduka chinthu chovala. Mndandanda wa mu kompyuta ndiwo ulusiwo: mzere umodzi umasonkhanitsa zonse za munthu mmodzi, ndipo pansi pake pali mizere ina mazanamazana.

Kale munthu ankadziwika ndi anthu anzake. Mlendo akafika ankafunsidwa mfunda, kwawo ndi mfumu yake, ndipo wofuna umboni woti iye ndi iyeyo ankapita kwa nyakwawa kukatenga kalata. Mapepala analipo ndithu, monga chitupa cha msonkho nthawi ya atsamunda ndi khadi la chipani nthawi ya Kamuzu, koma ankakhala m'thumba la mwini wake kapena m'mabuku akuluakulu a kwa DC, oti wakuba sakanawasenza onse usiku umodzi. Kusintha kwakukulu kudabwera mu 2017, pamene nthambi ya boma ya National Registration Bureau idalemba anthu oposa 9 miliyoni a zaka 16 kupita m'tsogolo, n'kuwajambula nkhope ndi zala, ndi kuwapatsa ziphaso za unzika. Mu 2018 bungwe loyang'anira ntchito za mafoni ndi mawailesi la MACRA lidalamula kuti nambala iliyonse ya foni ilembetsedwe m'dzina la mwini wake, ndipo mu 2020, ndondomeko ya zipangizo zaulimi zotsika mtengo ya AIP itayamba, chiphaso chija chidalowa m'malo mwa makuponi. Kuchokera pamenepo nambala imodzi ndiyo imalumikiza foni ya munthu, banki yake, feteleza wake ndi voti yake.

Kuno kuchigwa nkhaniyi ili ndi kulemera kwake kwapadera, chifukwa ndi ochepa m'dziko muno amene adalembedwa kambirimbiri ngati anthu a ku Chikwawa ndi ku Nsanje. Kalembera wa mu 2018 adapeza anthu oposa 860,000 m'maboma awiriwa, ndipo madzi akasefukira, monga mu Januwale 2015, nthawi ya namondwe wa Idai mu 2019, wa Ana mu 2022 ndi wa Freddy mu 2023, chinthu choyamba chimene chimafika pa msasa, ufa usanafike, ndi kaundula. Aliyense amene adakhalapo pa msasa wa pasukulu akuchidziwa chithunzichi. Desiki yatulutsidwa m'kalasi n'kuikidwa pansi pa mtengo wa nimu, mnyamata wovala chibhakuwa cha bungwe watsegula laputopu, ndipo mzere wa amayi wafika mpaka ku mjigo, aliyense atagwira chiphaso chimene adachipulumutsa m'madzi atachikulunga m'kajumbo ka shuga. Mnyamatayo amafunsa dzina la mutu wa banja, ana angati, alipo woyembekezera, alipo wolumala, alipo amene amamwa mankhwala a tsiku ndi tsiku. Amayi amayankha zonse, pakuti wokana kuyankha sakhala pa mndandanda wolandira. Mawa lake kumabwera bungwe lina ndi laputopu yake, ndipo mafunso amayambiranso pachiyambi.

Palibe cholakwika ndi kalembera wotere, ndipo popanda iye thandizo likhoza kuthera kwa amene ali ndi mawu okweza. Chimene sichinakhazikike ndi zimene zimachitika madzi akaphwa. Mindandanda ija imakhala zaka zingati m'makinawo? Ntchito ya bungwe ikatha ndipo antchito abalalika, ndani amawerenga kuti mndandanda umodzi udakopedwa kangati, pa mafulashi angati, ndi kutumizidwa pa WhatsApp kwa anthu angati?

Kutayika kwa mbiri

Mbiri ya anthu timati yatayika, kapena kuti yatuluka, ikafika m'manja mwa munthu amene sadaloledwe kuiona, kaya mwadala kaya mwangozi. Njira zake zodziwika ndi zitatu: akuba a pa intaneti amene amalowa m'makina ali kutali, kubedwa kapena kusowa kwa chipangizo chenichenicho, ndi kusasamala kwa ogwira ntchito, monga kutumiza mndandanda kwa munthu wolakwika kapena kutaya mafotokope a ziphaso mpaka kukapezeka akukulungira zitumbuwa pa Dyeratu. Anthu ambiri amazisakaniza njirazi. Zimene zidachitika mu Febuluwale 2024, pamene kusindikiza mapasipoti kudaima ndipo Pulezidenti wa nthawiyo, Lazarus Chakwera, adauza aphungu ku Nyumba ya Malamulo kuti akuba a pa intaneti alanda makina a nthambi yoona za anthu olowa ndi kutuluka m'dziko ndipo akufuna dipo, zili m'gulu loyamba. Nkhani ya mu 2018, ya chipangizo cholembera anthu m'kaundula wa mavoti chimene chidasowa kuno n'kukapezeka m'sitima yonyamula malasha ku Mozambique, ili m'gulu lachiwiri. Bungwe loyendetsa zisankho la MEC lidati kaundula sadasokonezeke, zipani zotsutsa zidakayikira, ndipo mkanganowo udaonetsa kuvuta kotsimikizira anthu za chipangizo chimene chakhala masiku ambiri m'manja osadziwika.

Chimene chimasiyanitsa kuba kwa mtundu umenewu ndi kuba kumene tidazolowera ndi chakuti mwini wake sangakuone. Ng'ombe ikabedwa, m'mawa khola limachitira umboni, anthu amalondola mapazi, ndipo ikapezeka n'kubwezedwa nkhani yatha. Mbiri ya mu kompyuta imatengedwa monga mmene timapalira moto kwa mnansi: wopala wapita ndi khala lake, koma pamoto pa mwini wake pakuyakabe ngati sipadachoke kanthu. N'chifukwa chake laputopu yobedwa ikapezeka, ngakhale zonse zili momwemo, funso loti kodi wina adakopa zimene zilimo limatsalabe.

Chitsanzo chimene chimatchulidwa kwambiri chidachitika ku America mu 2006. Wogwira ntchito wina ku nthambi ya boma yoona za asilikali opuma, ya Veterans Affairs, adatengera ntchito kunyumba kwake m'chigawo cha Maryland, ndipo pa 3 Meyi mbava zidathyola nyumbayo n'kutenga laputopu pamodzi ndi chipangizo chosungiramo zinthu chimene munali mayina, masiku obadwa ndi manambala a boma a anthu pafupifupi 26.5 miliyoni. Chiwerengerochi chikuposa cha anthu onse a m'Malawi amene adawerengedwa mu 2018, omwe anali pafupifupi 17.5 miliyoni. Anthu adauzidwa pa 22 Meyi, patadutsa masabata pafupifupi atatu. Zipangizozo zidapezeka kumapeto kwa Juni, ndipo apolisi a FBI atazifufuza adati zikuoneka kuti palibe adatsegula mndandandawo. Komabe eni mayina adakasuma, ndipo mu 2009 boma lidavomera kulipira madola 20 miliyoni kuti mlandu uthe. Ku Britain nako, bungwe losunga ndi kubwereketsa ndalama la Nationwide lidalipitsidwa chindapusa cha mapaundi 980,000 mu 2007, laputopu ya wantchito wake itabedwa kunyumba chaka cha 2006, ndipo china chimene chidakwiyitsa oyang'anira malamulo n'chakuti padatha masabata atatu bungwelo lisanayambe kufufuza zimene zinali m'makinawo.

Nkhani ziwirizi zikufanana pa mfundo imene imagwiranso ntchito ku Nchalo kapena ku Bangula. Wakuba wothyola zenera nthawi zambiri amafuna makina oti akagulitse msanga, ndipo za mndandanda sazidziwa n'komwe. Koma laputopu yobedwa siikhala ndi munthu mmodzi. Imapita kwa wogula woyamba, amene amaipititsa kwa wokonza makompyuta kuti aitsegule, kenako imakwera minibasi ya ku Blantyre kapena kuwoloka malire pa Marka, ndipo pa dzanja lililonse pali mwayi woti wina achite chidwi ndi zimene zilimo. Ambiri sadziwanso kuti kufufuta fayilo mwa masiku onse sikuichotsa m'makina. Kumangokhala ngati kung'amba tsamba la zam'katimu kumayambiriro kwa buku, masamba enieniwo ali momwemo, ndipo mapulogalamu obwezera zofufutidwa amapezeka mosavuta.

Loko ndi kubisa zolembedwa

Ofesi ikaberedwa, mawu oyamba otonthoza anthu amakhala akuti kompyutayo inali ndi pasiwedi. Mawuwa ndi oona, koma satonthoza monga amamvekera. Pasiwedi yotsegulira kompyuta ili ngati loko wamkulu pa chitseko cha nyumba ya bango: amaletsa wodutsa m'njira kulowa, koma wakuba wotsimikiza mtima amangong'amba chipupa cha kumbuyo. Zolembedwa zonse zimakhala pa kachipangizo ka m'kati kotchedwa hard disk, ndipo munthu amene ali ndi sikuludiraiva akhoza kukachotsa, kukalumikiza ku kompyuta ina, n'kuwerenga zonse popanda kufunsidwa pasiwedi ija. Wokonza makompyuta aliyense amachita zimenezi pothandiza makasitomala amene makina awo afa, choncho si luso la anthu ochepa ayi.

Chimene chimatsekadi ndi njira yotchedwa encryption, kutanthauza kusokoneza zolembedwa mwa masamu kuti zisawerengeke kufikira atabwera amene ali ndi kiyi wake. Nzeruyi ndi yakale kwambiri. Mtsogoleri wa ku Roma, Julius Caesar, ankalemba makalata a nkhondo posuntha chilembo chilichonse malo atatu, mwakuti mwa njira yakeyo mawu akuti Nsanje akanalembedwa Qvdqmh. Mwana wa sukulu akhoza kumasula chinsinsi chotero masana amodzi, koma njira za lero, monga ya AES imene boma la America lidaivomereza mu 2001, n'zoti kuyesa makiyi onse mmodzimmodzi sikungatheke ngakhale ndi makompyuta amphamvu. Makompyuta a Windows ali ndi njira yotere yotchedwa BitLocker, a Apple ali ndi FileVault, ndipo mafoni amakono ambiri amabisa okha zimene zilimo mwini wake akangoika loko. Makina otere akabedwa ali ozima, wakuba wapeza chitsulo chogulitsa basi, pakuti ngakhale atachotsa hard disk amangopeza zilembo zopanda mutu. Pa nkhani ya ku Maryland ija, chimene chidachititsa mantha n'chakuti mndandandawo sunali wobisidwa chonchi.

M'kuona kwanga, funso ili ndilo loyenera kufunsidwa poyamba ofesi iliyonse ikalengeza kuti yaberedwa, ndipo ndi funso limene atolankhani athu salifunsa kawirikawiri. Komabe tisaiyese njirayi mankhwala a matenda onse. Si kompyuta iliyonse imene imabwera njirayi ili yotsegula kale, makamaka zakale ndi zogula kwa ogulitsa katundu wogwiritsidwapo ntchito. Laputopu ikalandidwa ili yoyaka, kapena pasiwedi italembedwa pa kapepala komata pansi pake, kubisako kulibe phindu. Maofesi ang'onoang'ono alinso ndi mantha awo omveka: kiyi akaiwalika, kapena wantchito amene ankamudziwa akasamuka mwadzidzidzi, kaundula yense amatsekeka ngakhale kwa eni ake, ndipo m'dera limene magetsi ndi netiweki n'zosadalirika, kusunga kope lina kutali si chinthu chophweka. Pakati pa kuteteza mndandanda kwa akuba ndi kuonetsetsa kuti ukupezeka tsiku logawa chimanga, ofesi ya pa boma imayenera kusankha, ndipo amene ayenera kulipira maphunziro ndi zipangizo zake, kaya ndi boma, opereka thandizo kapena bungwe lenilenilo, sanagwirizanebe.

Kuba dzina

Kuba dzina, kumene pa Chingerezi amati identity theft, ndiko kugwiritsa ntchito mbiri ya munthu wina podzionetsa ngati ndiwe iyeyo, kuti upeze ndalama, katundu kapena thandizo, kapena kuti mlandu wako ugwere iye. Ku America mchitidwewu udakhala mlandu woima pawokha m'malamulo a dziko lonse mu 1998, koma sitingati ndi chinthu chachilendo kwa ife. Tidamvapo za munthu wolowa ntchito ndi satifiketi ya m'bale wake n'kumayitanidwa dzina la m'baleyo mpaka kupuma, za antchito a m'boma amene adamwalira kalekale koma malipiro awo akutulukabe, ndiponso za mavenda amene ankagula makuponi kenako n'kuyamba kusonkhanitsa ziphaso za alimi kuti akagulire feteleza wotsika mtengo. Chimene kompyuta yasintha ndi kuchuluka kwake ndi mtunda. Wonamizira wakale ankafunika kudziwana ndi mwini dzina, pamene wa lero akhoza kukhala ndi mayina a mudzi wonse wa kwa Makhuwira asanapondeko phazi.

Kuno njira yofala kwambiri si yotsegula akaunti ya kubanki m'dzina la wina, koma yoimba foni. Azakhali anga ena, amene amakhala kutsidya la kum'mawa kwa Shire, adalandira foni miyezi ingapo chichokereni ku msasa. Woimbayo adawalonjera mwaulemu, adawatchula dzina lonse monga lilili pa chiphaso, adatchula mudzi ndi gulupu wawo, adatchulanso chiwerengero cha ana amene adawalembetsa. Kenako adati, "Mayi, dzina lanu latuluka pa thandizo la ndalama, koma kuti tikutumizireni mutiuze nambala yachinsinsi ya m'foni mwanu kuti titsimikize kuti ndinu nomwe." Azakhaliwo adandiuza kuti sadakayike ngakhale pang'ono, chifukwa munthu wodziwa zonsezo sangakhale wina koma wa ku ofesi. Chidawapulumutsa ndi foni imene idatha moto ali pakati pa kukumbukira nambalayo, ndipo mnyamata wotchajitsa mafoni pa msika atamva nkhaniyo adawaletsa kuimbanso. Njira zimene mbiri yawo ikanadutsa kuti ifike kwa woimbayo ndi zambiri: laputopu yobedwa, pepala lotayidwa, wantchito wosakhulupirika, kapena munthu wa m'mudzi momwemo. Apa ndi pamene pagona vuto lofufuza milandu yotere.

Chitsanzochi chikuonetsa ntchito yeniyeni ya mndandanda wobedwa. Nambala yachinsinsi ya Airtel Money kapena ya TNM Mpamba siikhala m'kaundula wa bungwe lothandiza anthu, choncho wakuba sangatulutse ndalama ndi mndandanda wokha. Chimene mndandandawo umamupatsa ndi chikhulupiriro cha munthu amene akumuimbira, kuti mwini wakeyo apereke yekha chimene chatsala. Njira zina n'zovutirapo koma zimachitika m'mayiko ambiri. Wakuba akhoza kulembetsa simukhadi m'dzina la wina kuti azibera anthu, apolisi akalondola nambalayo n'kukafika pakhomo pa mlimi wa thonje amene sadziwa kanthu. Akhoza kunamiza kampani ya foni kuti simukhadi yatayika, n'kutenga yatsopano ya nambala ya mwini wake, mauthenga onse a ndalama n'kumafikira kwa iye. Akhozanso kutenga ngongole m'dzina la wina, mwini dzina n'kudzadziwa tsiku limene wakanizidwa ngongole yake chifukwa mabungwe osunga mbiri ya ongongola, amene lamulo la mu 2010 lidawakhazikitsa, akumuonetsa ngati wosabweza.

Palinso kuvulala kumene sikuwerengeka ndi ndalama. Kompyuta ya pachipatala kapena ya gulu lothandiza odwala ikhoza kukhala ndi mayina a amene amalandira ma ARV, ndipo m'dera limene aliyense amadziwa mnzake, mndandanda wotere ukangoonedwa ndi munthu mmodzi wapakamwa, banja likhoza kugwedezeka. Simukhadi imasinthidwa, nambala yachinsinsi imasinthidwa, koma tsiku lobadwa, zidindo za zala ndi mbiri ya matenda munthu amakhala nazo moyo wake wonse, mwakuti mndandanda wobedwa chaka chino ukhoza kudzagwira ntchito patapita zaka zisanu.

Mbali inayo iyeneranso kumveka. Makompyuta ambiri obedwa amafufutidwa n'kugulitsidwa popanda wina kutsegula fayilo ngakhale imodzi, ndipo chiphaso cha unzika, pokhala ndi chithunzi ndi zidindo za zala, chidachititsa kuti kunamizira pamaso m'pamaso kukhale kovuta kusiyana ndi nthawi ya kalata ya mfumu. Ena amati pa chifukwa chimenechi kuchenjeza anthu nthawi iliyonse imene laputopu yasowa kumangodzetsa mantha opanda pake, ndipo anthu akhoza kuyamba kukana kulembetsa pa nthawi ya ngozi. Ena amayankha kuti chiphasocho chimateteza pokhapokha ngati wolembetsa simukhadi kapena wopereka ngongole wayang'anadi nkhope, osati kungolandira fotokope kapena chithunzi cha pa foni. Pa mkangano umenewu palibe amene wapambana.

Lamulo, ndi udindo wouza eni mayina

Udindo wodziwitsa ndi lamulo loti amene wataya mbiri ya anthu asakhale chete, koma auze boma ndi eni ake. Tiyerekeze ndi mbusa amene wataya ng'ombe za eni ake kudambo: mlandu wake umakula osati chifukwa chotaya chokha, koma akafika kumudzi n'kugona osanena, pamene eni ake akanayamba kulondola mapazi usiku womwewo. Chigawo cha California ku America ndicho chidayamba ndi lamulo lotere mu 2003, ndipo lidali ndi mfundo yochititsa chidwi yoti ngati zobedwazo zinali zobisidwa ndi encryption, kampani sinkakakamizidwa kulengeza, zimene zidapangitsa makampani ambiri kuyamba kubisa zolembedwa zawo. Mayiko a mu European Union adayamba kutsatira lamulo lawo la GDPR pa 25 Meyi 2018, limene limapereka maola 72 kuti wotaya mbiri auze oyang'anira.

Ku Malawi, gawo 21 la malamulo oyendetsera dziko a mu 1994 limapatsa munthu aliyense ufulu wosunga chinsinsi chake. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security la mu 2016 lidaletsa kulowa m'makina a eni popanda chilolezo, ndipo mu 2024 kudayamba kugwira ntchito lamulo la Data Protection, limene lidapatsa MACRA udindo woyang'anira kasungidwe ka mbiri za anthu. Lamuloli limafuna kuti aliyense wosunga mbiri za anthu aziteteze, auze MACRA pasanathe maola 72 atadziwa kuti zatuluka, ndipo ngati chiopsezo kwa eni ake ndi chachikulu, awauze iwonso. Limapatsanso munthu ufulu wofunsa zimene bungwe likusunga zokhudza iye ndi kupempha kuti zolakwika zikonzedwe.

Munthu amene wamva kuti dzina lake linali m'makina obedwa ali ndi zochepa zimene angachite, koma n'zothandiza. Asinthe nambala yachinsinsi, makamaka ngati ndi chaka chake chobadwa, chimene chili pa mndandanda womwewo. Asauze aliyense nambalayo pa foni, ngakhale woimbayo atatchula mayina a makolo ake onse, pakuti kampani ya foni kapena ofesi ya boma siifunsa nambala yachinsinsi. Foni ikangoti zii, netiweki osabwera pamene a mnzake ali nayo, apite msanga ku ofesi ya kampaniyo ndi chiphaso chake, ndipo akakanene kupolisi kuti pakhale umboni wolembedwa tsiku limene wina adzabwere ndi ngongole yachilendo.

Zovuta zenizeni zili pa kakwaniritsidwe ka lamuloli m'dera ngati lathu. Malamulo odziwitsa anthu adabadwira m'mayiko amene munthu aliyense ali ndi keyala ndi imelo. Kodi bungwe lingawauze bwanji anthu a ku Makhanga, amene nthawi ya mvula amafikirika pa bwato, ndipo ena adasamutsidwa kuchoka pamene adalembedwera? Likatumiza uthenga wa pa foni, anthu adzausiyanitsa bwanji ndi mauthenga a akathyali amene akuchenjezedwawo? Likadzera kwa mafumu kapena pa wailesi za m'dera, silikhala likuuzanso wakuba kuti laputopu imene ali nayo ili ndi chuma chimene sankachidziwa? Mndandanda umodzi ukakhala kuti udadutsa kwa komiti ya m'mudzi, ku khonsolo, ku bungwe la kuno ndi kwa opereka ndalama a kunja, ndani mwa onsewa amene ayenera kuyankha ukatayika? Ndipo mayi wa kwa Mlolo amene wina watenga ngongole m'dzina lake, adzaonetsa bwanji pamaso pa khoti kuti mbiri yake idachokera mu laputopu imene idabedwa zaka ziwiri zapitazo, osati m'buku la pa kauntala ya wotumiza ndalama kapena pa fotokope imene adasiya pofunsira ganyu ku minda ya nzimbe?